Lipoti la msonkhano wa magetsi a m'maboti ku Vaal Dam

A Tcheyamani, akuluakulu ndi amisiri anzanga nonse a m'gulu lathu kuno ku Joni, zikomo pondituma. Loweruka ndinali ku Deneysville, m'mbali mwa Vaal Dam, komwe eni maboti ndi amisiri a magetsi anakumana padoko penipeni. Za malonje ndi chakudya ndidumpha.

Magetsi amachokera pa kabokosi ka padoko, 230 V monga m'nyumba, n'kuyenda m'chingwe cha pulagi yabuluu ija ya makalavani. Zambiri ndi za 16 A, mawati pafupifupi 3,600 basi: ketulo ndi giza zikayakira limodzi, buleka yagwa. M'boti amayamba adutsa pa buleka yaikulu, kenako pa thiransifoma ngati ilipo, ndiye n'kufika pa bodi. Nthambi ina imapita ku chaja ya mabatire, ndipo mabatirewo ndi omwe amayatsa bodi yachiwiri ya 12 V, ya nyale, wailesi ndi pampu yochotsa madzi.

Pa thiransifoma m'pomwe tinakhalitsa. Ine ndinkayesa kuti ntchito yake ndi kutsitsa mavolti kokha. Ayi ndithu. Ya isolation imalandira 230 n'kutulutsa 230 yemweyo, koma mawaya a mbali ziwirizo sakhudzana, mphamvu imawoloka ndi maginito. Nkhani yonse yagona pa waya wa earth, wachitetezo uja wothawitsa magetsi odontha. Popanda thiransifoma, earth ya padoko imamanga pamodzi maboti onse oyimikidwa pamenepo, madzi n'kumalizitsa njira ya magetsi, zitsulo zosiyanasiyana za kunsi kwa maboti n'kusanduka batire. Mkulu wina anatigwiritsa anode yochokera pa boti lake (kachitsulo komangidwa kunsi kwa boti kuti kadyeke m'malo mwa zitsulo zina), yodyekadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe. Ikatha iyoyo, chotsatira ndi pulopela.

Thiransifoma ikakhalapo, earth ya padoko imathera pomwepo, ndipo neutral (waya wobwererapo magetsi) ndi earth timazilumikiza kumbali ya boti. Ikapanda kukhalapo, musazilumikize m'boti, chonde. Magetsi akadontha amalowa m'madzi, ndipo m'madzi opanda mchere ngati a Vaal amakonda kudzera m'thupi la munthu kusiyana ndi m'madzimo. Wosambira amangouma miyendo n'kumira, osakuwa n'komwe. Apa mtima unandithawira ku Mangochi, poti nyanja yathunso ilibe mchere ndipo ana amasambira mphepete mwa maboti a m'malo ogona alendo.

Boti lochokera ku America limafuna 120 V ndi 60 Hz (liwiro lomwe magetsi amasinthira mbali pa sekondi). Mavolti thiransifoma itsitsa, koma 50 Hz yathu siisintha, choncho mota ya filiji imayenda mozengereza n'kumatentha.

Pempho langa nali: wina akapeza ganyu ya boti asapite yekha, ndipo asatenge waya wolimba wa m'nyumba uja, amathyoka ndi kugwedezeka. Pamafunika wa timawaya tambirimbiri. Lamlungu likubwerali ndibweretsa chojambula cha mawaya onse kuti tichione limodzi. Marisiti a thiransipoti ndasiya kwa a msungichuma, ndi chenji chomwe.