Lamulo la madzi liyambire kwa otunga ambiri

Mkonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa mkangano umene wakula kuno ku Mangochi wokhudza malamulo a boma oletsa kukumba mijigo popanda chilolezo, kupopa madzi a mthirira mwachisawawa ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje. Ambiri akufunsa kuti boma lingatiuze bwanji kuti tisamale madzi pamene mu 2024 nyanja ya Malawi inasefukira mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo. Funsoli ndi lomveka, koma tikumbukire kuti mu Malichi chaka chomwecho Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño.

Nyanja imadzadza makamaka ndi mvula imene imagwa kumpoto kwa dziko lino ndi ku Tanzania, ndipo kudzadza kwake sikuthandiza munthu wa ku Chilipa kapena ku Katuli amene amadalira madzi a pansi pa nthaka. Aliyense amene anakhalapo kumidzi yakutali ndi nyanja mu Okutobala amadziwa mmene amayi amandandalikira zigubu pa mjigo tambala asanalire, ndi mmene amapopera mpaka mikono kuwawa koma ndowa osadzadza. Mjigo ukayamba kulavula matope, amapita kukafukula mchenga mumtsinje wouma, pamalo pomwe mbuzi ndi ng'ombe zimamweranso. Boma limene linavutika ndi kolera mu 2022 ndi 2023 monga lathuli silingaitenge nkhani imeneyi mopepuka. Ngakhale nyanjayo si yoidalira mopanda nkhawa, pakuti pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika moti inasiya kutsanulira madzi mu Shire, ndipo n'chifukwa chake damu la Kamuzu ku Liwonde, lomangidwa mu 1965, limasunga madzi kuti magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira asazime.

Choncho ine sinditsutsa lamulo la madzi la 2013, limene linakhazikitsa bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority. Munthu mmodzi akakumba mjigo wakuya n'kuikapo pampu ya sola yopopa tsiku lonse, madzi a pansi amatsika ndipo mijigo yopopa ndi manja ya anansi ake ndi imene imayamba kuuma. Payenera kukhala woona kuti ndani akutunga madzi ochuluka bwanji, komanso pati. Lamulo lomweli silifuna chilolezo kwa munthu wotunga madzi akumwa ndi ophikira pakhomo pake, mfundo imene anthu ambiri kumudzi sanaimvepo.

Chimene chikundidandaulitsa ndi kumene chala chimaloza tikamakamba za kusamala madzi. Woyamba kudzudzulidwa amakhala mlimi wa dimba amene amathirira mpiru ndi tomato ndi kheni, pamene malo ena ogona alendo amathirira kapinga dzuwa lili paliwombo, eni minda ikuluikulu amapopa ndi injini, ndipo otsuka magalimoto amasiya payipi ikuthira madzi mumsewu. Kulima mpaka m'khonde mwa mtsinje kumagumula nthaka n'kukwirira mtsinjewo, zimenezo n'zoona, koma kuuza munthu amene chimanga chake chinapserera kuti achoke pa chinyontho, osamusonyeza kwina koti alime, ndi kumuuza kuti agone ndi njala. Nanga matumba a makala amene amatsika tsiku ndi tsiku kuchokera m'nkhalango za Phirilongwe ndi Namizimu, kumene mitsinje yathu ina imayambira, amadutsa bwanji m'misewu popanda wowaimitsa? Phiri likayera, mvula imathamangira kunyanja isanalowe pansi, ndipo zikatero ngakhale amayi atamasamala madzi chotani, mjigo uuma ndithu.

Pempho langa kwa bungwe loona za madzi ndi khonsolo ya Mangochi ndi lakuti amate poyera mndandanda wa onse amene ali ndi chilolezo chotunga madzi ambiri m'boma lino, kuchuluka kwa madzi amene analoledwa ndi malo amene amatunga. Mndandandawo ulembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo uperekedwe kwa mafumu ndi makomiti a mijigo, kuti pamene makina okumba mjigo afika pamudzi, anthu athe kufunsa chikalata asanayambe kuboola.

Wokhudzidwa,
Mangochi