Kwa a sitolo amene munandigulitsa kiyibodi ya "hot-swap" yomwe maswichi ake sazuka

Abwana, ndalemba pano pa tsamba lanu chifukwa ku inbox mauthenga anga anayi mwawawerenga koma simunayankhe. Nambala ya pa lisiti ija ikangoitana kawiri imadulidwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndabwera poyera kuti nawonso amene akufunsa mitengo patsamba pano amve.

Ndinagula kiyibodi ya mechanical, imene batani lililonse limakhala ndi swichi yakeyake pansi pake, kwa inu mu Okutobala 2023, kutatsala masabata ochepa kuti kwacha igwe ndi 44 peresenti mu Novembala muja. Ndikutchula zimenezi kuti mudziwe kuti lero sindingangoti basi ndikagule ina, mitengo yake inu nomwe mukuidziwa mmene yakwerera. Ndi ya mabatani 87, yopanda manambala a kumanja aja, ya maswichi ofiira. Pa positi yanu munalonjeza waranti ya miyezi 12, munati maswichi ake amapirira kudinidwa ka 50 miliyoni, ndipo munalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti HOT-SWAP, kutanthauza kuti maswichi ake amazuka n'kusinthidwa. Screenshot yake ndinasunga, lisitinso lilipo.

Ntchito yanga ndi yomasulira. Mabungwe amanditumizira malipoti ndi mafunso a kafukufuku m'Chingerezi, ine n'kuwaika m'Chichewa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Usiku ana akagona, netiweki ikalola, ndimasewera Counter-Strike, gemu yowomberana ya pa kompyuta, ndi anzanga. Zonsezi ndinawauza achimwene amene anandigulitsa aja, iwo n'kuseka kuti iyi ndidzatopa ndine, iyo ayi.

Ndisakunamizireni, miyezi yoyamba inandikomera. Ndi yolemera, siyendayenda patebulo. Zala zimene zinkandiphwanya madzulo ndikamatayipa pa laputopu zinasiya kupweteka. Waya wake ndi wozula, moti mwana ataukoka n'kuuthyola ndinangogula wina wa USB-C. Batani lalitali la mpata lija linkachita phokoso ngati msomali uli m'chitini, ndinalipaka gilisi pang'ono, nkhani inatha. Mabatani anayamba kunyezimira ndipo zilembo zina zafufutika, koma pulasitiki ya ABS imatero ndithu, ndipo ine ndimatayipa osayang'ana. Zimenezo sindikudandaula nazo.

Dandaulo langa likuyambira pa batani la A.

Aliyense wotayipa Chichewa akudziwa kuti chilembo chimenechi sichipuma. Werengani chiganizo chilichonse pamwambapa muone. Mu gemu namonso A ndi amene amakusunthira kumanzere, ndipo wosewera Counter-Strike amadina A ndi D mosinthanasinthana usiku wonse kuti aime bwino asanawombe. Mwezi wa khumi, mu Ogasiti 2024, ndinayamba kuona "ndalaama", "Malaawi", "aanthu" m'ntchito yanga. Poyamba ndinkadziimba mlandu ndekha, ndimvekere ndi tulo. Tsiku lina kasitomala anandibwezera fayilo ya masamba 40 atazunguliza zolakwika ndi zofiira, n'kundifunsa ngati ndayamba kupatsa mwana ntchito yanga. Manyazi ake sindinawaiwale. Mu gemu zinali zoseketsa kwa anzanga okha: ndagwira A kuti ndithawire kuseri kwa khoma, munthu wanga n'kudukizadukiza pakati pa njira ngati galimoto yotha mafuta.

Vutoli lili ndi dzina, amati chatter, ndipo si zamatsenga. M'kati mwa swichi iliyonse muli tizitsulo tiwiri timene timagundana ukadina batani. Tikagundana timanjanja kaye pang'ono, ndiye kiyibodi inapangidwa kuti izidikira kanthawi kochepa kwambiri, nthawi zambiri ma millisecond 5, isanawerengenso. Tizitsulo tija tikatha mphamvu kapena tikachita dzimbiri timanjanja kupyola nthawi imeneyo, kompyuta n'kumaona ngati wadina kawiri. Makiyibodi ena amakulola kuwonjezera nthawi yodikirayo pa pulogalamu yake. Yanuyi inabwera yopanda pulogalamu, ndipo nditafunsa munati mufunsa kumene mumaoda katundu. Mpaka lero mukufunsabe.

Ndinabwera nayo kusitolo waranti idakali ndi miyezi iwiri. Munaisunga masabata asanu. Masabata onsewo ndinabwerera ku kiyibodi ya laputopu, zala n'kuyambiranso kupweteka. Pobweza munati linali fumbi, mwaipemerera ndi mpweya. Ndinavomera, popeza nyengo imeneyo fumbi limakhaladi mbwee. Inagwira bwino masabata awiri, kenako "aanthu" anabweranso. Nditabwerera munati okonza apita ku maliro, ndibwere sabata yamawa. Sabata yamawayo munati mwina ndi magetsi othimathimawa anaiwotcha. Abwana, kiyibodi imadya ma volt 5 kuchokera pa USB ya laputopu yokhala ndi batire lake. Magetsi ake ati amene amalumpha mabatani 86 n'kukasankha A yekha? Ulendo wachitatu achemwali a pa kauntala anatsegula buku, n'kuloza deti ndi chala, amvekere pepani bambo, waranti yanu inatha Lachiwiri.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli phuliphuli, komabe ndinadzitonthoza kuti paja ndi hot-swap. Kwa amene simukudziwa, mawuwa amatanthauza kuti swichi iliyonse imangolowetsedwa m'timabowo take, ndipo ikafa umaizula ndi kachitsulo kopanira n'kuikapo ina, osafuna mmisiri. N'chifukwa chake ndinalolera kulipira zambiri. Ndinachotsa chipewa cha batani, n'kupana swichi, n'kukoka. Zii. Ndinakokanso mpaka pulasitiki inayamba kulira. Nditamasula zomangira za pansi n'kuyang'ana kuseri kwa bolodi, ndinapeza miyendo ya maswichi onse 87 ili yomatidwa ndi mtovu. Palibe kabowo ka hot-swap ngakhale kamodzi.

Apa ndi pamene pali mlandu wanu. Swichi kufa si nkhani yachilendo, katundu amafa. Koma munandigulitsa chinthu china m'dzina la chinthu china.

Za 50 miliyoni zija nazonso tiwerengetsere. Tinene kuti ndimadina A ka 20,000 pa tsiku, osapuma ngakhale Lamulungu. Masiku 300 ndiye kuti ka 6 miliyoni. Kwatsala 44 miliyoni imene munandilonjeza. Nambala ya 50 miliyoniyo inatchuka ndi maswichi a MX a kampani ya Cherry ya ku Germany, amene anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1980. Umwini wa kapangidweko utatha, mafakitale ambiri a ku China anayamba kupanga ofanana nawo, okhala ndi kamtanda komweko pamwamba. Ena mwa iwo, monga Gateron ndi Kailh, anthu amawayamikira ndithu. Koma a m'kiyibodi yanuyi alibe dzina limene ndingalizindikire, ndipo nambalayo zikuoneka kuti munangoikopera pa katundu wa eni ake. Kufiira kwa swichi kumangonena kuti imatsika myaa popanda kukodola chala, sikunena za moyo wake.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wokonza mafoni pa msika. Anali asanatsegulepo kiyibodi yamtunduwu, koma nditamufotokozera anasungunula mtovu, n'kuchotsa swichi ya A, n'kuisinthanitsa ndi ya Scroll Lock, batani limene chibadwire sindinaligwiritsepo ntchito. Mphindi 30 sizinakwane. Ntchito imene inu munaikhalira masabata asanu. Kuchokera tsiku limenelo A sanavutenso, umboni woti silinali fumbi kapena magetsi. Patapita miyezi E anayamba zomwezo, tinamupatsa swichi ya Pause. Pano D wayamba, ndipo mabatani opanda ntchito oti ndizibako akundithera. Komanso mnyamatayo wandichenjeza kuti bolodi ukaiwotcha kawirikawiri timizere ta mkuwa tija timamatuka.

Ndinali nditaganiza zongozisiya. Chandidzutsa ndi positi yanu ya sabata yatha. Kiyibodi yomweyo, chithunzi chomwecho, mawu omwewo akuti HOT-SWAP, mtengo wokha ndi umene wasintha. Ndinaona mwana wina wa sukulu akufunsa ngati angalipire pang'onopang'ono, inu n'kumuyankha mphindi yomweyo kuti abwere ku inbox. Ndiye kuti ku inbox kumakhala munthu.

Chimene ndikufuna si chachikulu. Chotsani mawu amenewo pa positi, kapena onetsani kanema mukuzula swichi pa kiyibodi ya mtundu womwewo. Kwa ine, ndipatseni imene ilidi hot-swap ndikubwezereni iyi, apo ayi mundibwezere ndalama imene ndinawonjezera chifukwa cha mawuwo, pamodzi ndi imene ndalipira kwa wokonza kawiri konse. Ndipo vuto limene munthu wabwera nalo waranti isanathe, inu n'kulephera kulikonza, musamaliwerengere masiku amene katunduyo wagona m'kabati mwanu. Masabata asanu aja anali anga.

Mukapanda kuyankha, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe la CFTC, limene limaona za malonda osocheretsa ogula, ndipo screenshot, lisiti ndi zithunzi za kuseri kwa bolodi ndazisonkhanitsa kale. Koma ndisanapite kumeneko ndibwera kusitolo Loweruka 10 koloko m'mawa, kiyibodi kukhwapa, kachitsulo kopanira m'thumba. Mudzatsegule bokosi limodzi mwa amene ali pa shelefuwo, mudzazule swichi imodzi makasitomala akuona. Ikazuka, ndidzapepesa pano pomwe.

Positi ino musaifufute, ndaisunga. Ndaitayipa pa kiyibodi yomweyo, ndipo pofika pamzere uno ndabwerera m'mbuyo ka 23 kukachotsa "d" wowonjezera pa "nddi".