Kamera ya m'chiberekero siiona denga

A Mkonzi,

Tipatseniko danga tinenepo za kapimidwe kolowetsa kamera m'chiberekero, kotchedwa hysteroscopy, kamene amayi ambiri muno mu Lusaka ayamba kukafunsa, makamaka opita padera kangapo ndi amene atha zaka osaima. Ambiri amaganiza kuti poti dokotala walowa ndi kamera, ndiye kuti waona zonse. Pa zilema zobadwa nazo za chiberekero, si choncho ayi.

Kamerayo imakhala pa kachitsulo kowonda, ka mamilimita 3 mpaka 5, kamene amakalowetsa kudzera pa khomo la chiberekero. Amathiramo madzi a mchere kuti zipupa, zimene mwachibadwa zimagundana, zitalikirane. Nthawi yabwino ndi mayi atangomaliza kusamba, m'kati mukadali mopyapyala, ndipo ayenera kuyezedwa kaye ngati alibe pakati kapena matenda a m'njira yoberekera. Pa tinyama tomera m'kati, zotupa zolowera m'chiberekero ndi zipsera zomatana, kapimidwe aka n'kodalirika kwambiri.

Vuto lili apa. Mwana wamkazi akamaumbika m'mimba, chiberekero chake chimayamba ngati timachubu tiwiri. Timalumikizana, kenako chipupa chapakati chimasungunuka, n'kutsala chipinda chimodzi. Chipupacho chikalephera kusungunuka, chiberekero chimakhala chimodzi kunja koma chogawika m'kati, chimene timati septate. Timachubuto tikalephera kulumikizana bwino kumtunda, chimakhala cha nyanga ziwiri, bicornuate, chokhala ndi mpata kunja kwake. Munthu amene waima pakhomo n'kuona zipinda ziwiri sangadziwe ngati ili nyumba imodzi yodulidwa ndi chipupa monga mdadada, kapena nyumba ziwiri, iliyonse ndi denga lake. Ayenera kutuluka akaone denga. Kamera ya hysteroscopy siituluka. Nayo X-ray ya HSG, ija amathira mankhwala poona ngati machubu ali otseguka, imangojambula m'kati momwemo.

Kusiyana kumeneku si kwa m'mabuku chabe. Chipupa cha septate chimadulidwa kudzera pa kamera yomweyo, ndi kalumo kapena magetsi. Koma wodula chiberekero cha nyanga ziwiri poyesa chipupa amaboola denga lenilenilo n'kutulukira m'mimba, mmene muli matumbo. Ngakhale pa chipupa chenicheni, kudula mopitirira kumapepula mnofu wa pamwamba, ndipo chiberekero chikhoza kudzang'ambika mayi ali ndi pakati.

Palinso chiberekero cha mbali imodzi, unicornuate. Kamera imaona chipinda chopanikiza ndi bowo limodzi la chubu m'malo mwa awiri. Chimene siiona ndi kanyanga kotsekeka kamene nthawi zambiri kamakhala mbali inayo. Magazi a kumwezi akhoza kudikha mmenemo, mtsikana n'kumamva cham'mimba chosapiririka, ndipo mayi akatenga pakati m'kanyangako, kakhoza kuphulika, kawirikawiri itadutsa miyezi itatu. Popeza impso zimaumbika moyandikana ndi timachubu tija, aliyense wopezeka ndi chilema chotere ayenera kujambulidwanso impso. Ena amapezeka ali ndi imodzi yokha.

Choyenera n'chakuti denga lionedwe mpeni usanakhudze. Sikani ya 3D yodzera kumaliseche imaonetsa m'kati ndi kunja pa chithunzi chimodzi, ndipo imaoneka bwino mayi akatsala pang'ono kusamba, mosiyana ndi hysteroscopy. MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, imathandiza pa zilema zovuta ndi kwa atsikana amene sanadziwe mwamuna. Pamene izi palibe, hysteroscopy iphatikizidwe ndi laparoscopy, kamera yodzera pamchombo. Ubwino wa sikani ndi wakutinso imayeza. Mwa muyeso wa 2021 wa bungwe la ku America la ASRM, chipupa chiyenera kutsika kuposa sentimita imodzi ndi nsonga yosongoka kuti chitchedwe septate, ndipo mpata wa kunja woposa sentimita imodzi ndiwo umasonyeza nyanga ziwiri. Diso la pa kamera limangoyerekeza, n'chifukwa chake madokotala awiri oonera kanema mmodzi amatha kutsutsana. Nawo mabungwe sagwirizana: muyeso wa ku Ulaya wa 2013 umatcha septate ziberekero zambiri zimene ena amati zilibe vuto.

Ngakhale chipupa chitatsimikizika, kudula si lamulo. Kafukufuku wa TRUST, wofalitsidwa mu 2021, anagawa amayi 80 okhala ndi chipupa m'magulu awiri: ena anawadula chipupacho, ena ayi. Mwa odulidwa, 31 pa 100 alionse anabereka mwana wamoyo. Mwa osadulidwa, 35. Amayiwo anali ochepa, choncho nkhani siinathe, koma ndi umboni wokwanira kuti mayi afotokozeredwe bwino asanasaine.

Tikupempha anzathu a m'zipatala za Matero, Chawama, Kanyama, Chilenje ndi Chipata, potumiza mayi ku chipatala chachikulu cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa, alembe bwino chimene chaoneka ndi chida chimene chaonera. Nanu amayi, pepala likati muli ndi chipupa, funsani kuti kunja kwa chiberekero anakuona ndi chiyani, ndipo chipupacho chatsika mamilimita angati.

Ndife,
Madokotala a uchembere ndi matenda a amayi,
Lusaka