Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: Chitsulo Chili M'ntchafu, M'buku Mulibe

Olemekezeka a Nduna,

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje zaka 26 ndisanapume. Malo anga anali pa sikelo. Mayi akafika ndi dengu la masamba, ndinkalemba nambala yake, munda umene wathyolamo ndi makilogalamu ake. Ndikaphonya kilo imodzi, tsiku la malipiro mlandu unkandipeza, ndipo mwini kiloyo sankalakwitsa khomo. Choncho za mankhwala sindizidziwa, koma buku lolembedwa mwaulesi ndimalizindikira ndili patali.

Chaka chatha mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza pakati pa Chitakale ndi Limbuli, anawombana ndi minibasi. Fupa la ntchafu linathyoka. Anagona masabata atatu mwendo atauboola pansi pa bondo n'kumangirira miyala yokoka, kenaka anatitumiza ku chipatala china chachikulu kumene anamulowetsa chitsulo m'kati mwa fupa. Gadiyani ndinali ine. Manja amene anamugwira anali aluso, izo sindikana.

Tsiku lotuluka ndinatsegula buku lake la kuchipatala. Munali mizere iwiri ya mawu odula a Chingerezi ndi siginecha yonga pamene papalasa nkhuku, yopanda dzina. Chithunzi cha ekisileyi sitinapatsidwe. Chinatsala mu foni ya munthu amene anachijambula pa kompyuta.

Patatha masabata 6 tinapita kukaonetsa mwendo ku chipatala cha kufupi ndi kwathu. Adokotala a mafupa anatembenuza bukulo uku ndi uku, kenaka anayang'ana ine. "Madala, anaikamo chitsulo chanji? Anachimanga ndi misomali ingati? Anati ayambe liti kuponda?" Kufunsa ine, kalaliki wa masamba! Iwo anandifotokozera chifukwa chake. Fupa likangoduka malo amodzi ndipo chitsulo chamangidwa kumtunda ndi kumunsi, munthu amatha kuyamba kuponda msanga. Likaphwanyika tizidutswa, ayenera kudikira. Akafulumira, chitsulo chimapindika kapena kuthyoka. Akachedwa, bondo limauma ndipo minofu imafota. Makina ojambulira anali atafa mwezi umenewo, ndiye adokotala anasankha kusamala: asaponde. Mnyamatayo anakhalanso miyezi iwiri pa ndodo. Titadzajambula, tinamva kuti akanatha kuyamba kale. Lero bondo lake silipinda mokwanira kuti akhale pa njinga.

M'mwezi wa khumi chichitireni opaleshoni bala linayamba kutuluka mafinya, ndipo anati chitsulocho chidzafunika kuchotsa. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti zitsulozi n'zosiyana malinga ndi kampani imene inazipanga, ndipo chida chozulira china sichigwira pa chinzake. Tinabwerera kumene anachitira opaleshoni kukafuna fayilo. Maulendo atatu, mbuzi ziwiri za mlongo wanga zinathera m'minibasi. Fayilo sinapezeke. Chimene tinapeza ndi mzere umodzi m'kaundula wa ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni: dzina, tsiku, ndi dzina la opaleshoni. Mtundu wa chitsulo panalibe.

Sindikulemba kuti wina achotsedwe ntchito. Ndinaona ndi maso anga munthu mmodzi akuika zikhakha ana anayi, kwinaku akuitanidwa ku wodi, panja mzere utakhota. Dziko lathu lili ndi madokotala a mafupa ochepa kwambiri. Pamene Dr Ed Blair ankayambitsa maphunziro a miyezi 18 a makiliniko ofesala a mafupa ku Blantyre mu 1985, cholinga chinali chakuti boma lililonse likhale ndi munthu wodziwa fupa. Pofika 2008 anali ataphunzitsidwa 117, pamene madokotala akuluakulu a mafupa anali 9 okha m'dziko la anthu pafupifupi 13 miliyoni. Ndiye ntchito timagawana chonchi: wina amang'amba mu tauni, wina amalera bala ku boma, ndipo awiriwa sadzaonana. Chowalumikiza ndi kapepala kamene wodwala wanyamula. Kakakhala kopanda kanthu, wachiwiriyo amagwira ntchito mongoganizira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kulemba timakutha. Kuyambira 2004, pamene boma linayamba kugawa ma ARV aulere, wodwala aliyense ali ndi khadi lake lotsala ku chipatala. Pamalembedwa sikelo yake, mtundu wa mankhwala, tsiku lobweranso. Miyezi itatu iliyonse amabwera anthu kudzawerenga makadiwo, ndipo wina akasowa amamulondola mpaka kumudzi. Za TB ndi chimodzimodzi. Ngakhale pa mafupa pomwepa chitsanzo chilipo: mu 2005 dziko lino linatsegula kaundula wa anthu oikidwa chiuno kapena bondo lochita kupanga, momwe amalemba chimene chaikidwa ndi mmene munthuyo akupezera m'zaka zotsatira. Bungwe la SIGN la ku America, limene limapereka zitsulo za m'mafupa kwaulere, limafuna kuti opaleshoni iliyonse ilembedwe ndi zithunzi zake zitumizidwe, apo ayi katundu wina sabwera. Kodi n'chifukwa chakuti kumeneko kuli wopereka ndalama amene amafunsa? Nanga mnyamata wa kabaza amufunsira ndani?

Pempho langa ndi tsamba limodzi, losindikizidwa kale, lofanana m'zipatala zonse za boma ndi za mishoni. Si nzeru yachilendo. Bungwe la Royal College of Surgeons of England lili ndi mndandanda wa zoyenera kulembedwa pakatha opaleshoni: tsiku ndi nthawi, mayina a wochita opaleshoni ndi wogoneka tulo, chimene anapeza atatsegula, chimene anachita, vuto lililonse limene linabuka, nambala ya chitsulo chimene chaikidwa, mankhwala opha tizilombo amene anaperekedwa, malangizo a pambuyo pake, ndi siginecha. Munthu wotopa akapatsidwa pepala loyera amalemba mizere iwiri. Akapatsidwa timabokosi, bokosi lopanda kanthu limamuyang'ana m'maso. Pa sikelo ndinaziona: chaka chimene anatipatsa mabuku a mizere yodula kale, madandaulo a tsiku la malipiro anachepa. Zitsulo zina zimabwera ndi kapepala komata kokhala ndi nambala m'paketi mwake. M'malo mokataya ndi zinyalala za ku fiyeta, kamatidwe pa tsambalo.

Kumunsi kwake kukhale mizere ya Chichewa, yoti gadiyani awerenge yekha: mwendo uti, ulusi uchotsedwe liti, ayambe liti kuponda, abwere liti ndipo kuti, akaona chiyani athamangire ku chipatala. Dzina la wolembayo likhale m'zilembo zikuluzikulu.

Tsambalo likhale ndi kaboni, lina litsale mu fayilo, lina limatidwe m'buku la wodwala. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa cha zimene tinaona mu Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba kuno ndi ku Phalombe, anthu anapulumuka ndi zovala za m'thupi. Mabuku a kuchipatala anapita ndi madzi. Amene anali pa ma ARV anakapeza makadi awo. Amene anali ndi zitsulo m'miyendo anatsala ndi chipsera chokha ngati umboni. Mudzauzidwa kuti zonsezi zidzatha makompyuta akadzafika. Abwere ndithu, koma magetsi a kuno mukuwadziwa, ndipo kompyuta sidzaza yokha bokosi limene munthu sanazolowere kudzaza.

Pomaliza pa pempholi, pakhale wowerenga. Amene amayendera zipatala miyezi itatu iliyonse atole mafayilo 20 a mafupa mosasankha, aone timabokosi tingati tadzazidwa, zotsatira zake azimate pa khoma la fiyeta. Buku langa la pa sikelo linkakhala lolembedwa bwino chifukwa ndinkadziwa kuti Lachisanu mabwana akubwera kudzalitsegula.

Pali ndi mbali ya ndalama imene anthu a ku maofesi amaiwala. Lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito la 2000 limadalira lipoti la dokotala. A inshulansi ya galimoto nawonso amafuna lomwelo. Wogwira ntchito m'munda wa tiyi amene wagwa pa thirakitala, fayilo yake ikasowa, wataya mwendo ndi chipukuta misozi chomwe. Za mphwangayu zikadali pa tebulo la a inshulansi, akudikira lipoti limene palibe woti alilembe, poti amene anachita opaleshoni anasamutsidwa.

Mango ayamba kupsa, ndipo mwezi wa mawa mawodi a ana adzadzaza ndi tizigongono tothyoka. Ena mwa iwo adzaikidwa mawaya oyenera kuzulidwa pakatha masabata atatu kapena anayi, ndipo amayi awo adzabwerera kumudzi osadziwa tsiku lake.

Ine ndagula kope la chikuto cholimba. Aliyense wogwira mwendo wa mphwanga ndimamufunsa dzina mwaulemu, n'kulemba zimene wanena, ndi tsiku. Ena amaseka, ena amakwiya pang'ono. Lachinayi tikupitanso kukamva ngati apeza chida chozulira chitsulocho.

Ine wanu,
Kalaliki wopuma ntchito,
Mulanje