Kalata kwa mwana wanga ku Salima

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Nkhotakota tili bwino, kupatula miyendo ya amayi ako imene ikuvutabe. Ndalemba chifukwa cha zimene azakhali ako atiuza atabwerako kwanuko. Akuti chigulireni wailesi yakanema ija, Tadala amakhala pamkeka maso ali tong'o pa mafilimu a nkhondo mpaka usiku, ndipo m'mawa amapita kusukulu akusinza. Akutinso iwe ndi mpongozi wanga mumamusiya yekha ndi rimoti m'manja chifukwa akatero savutitsa. Zandiwawa mumtima, pakuti mwana wa Sitandade 3 sangadzisankhire yekha zoyenera kuonera.

Usaganize kuti ndikudana ndi kanemayo. Ine zambiri ndinaphunzira pa wailesi. MBC inayamba mu 1964, pamene kanema wa dziko lino anabwera mochedwa, mu 1999, ndiye m'badwo wathu unakula ndi makutu. Kafesedwe ka mpunga panazale ndi nthawi yothira feteleza ndinazimva pa mapulogalamu a zaulimi alangizi asanafike kudambo kwathu. Mpaka lero, mwera ukayamba kuwomba mu June ndi July, msodzi wosamala sakankhira bwato m'madzi asanamve chenjezo la a zanyengo. Ukumbukirenso kuti sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, maphunziro a pulayimale ankaulutsidwa pa wailesi, koma ana amene ndinawaona akupindula m'mudzi muno ndi amene anali ndi munthu wamkulu pambali, wowapatsa kope ndi pensulo n'kuwafunsa zimene amva.

Iwe amene ndinkakukhazika pakhonde nthawi ya nkhani za madzulo, mabatire titawayanika padzuwa tsiku lonse kuti abwereremo kamphamvu, ndipo nkhani zikatha ndinkakuuza kuti utchule maboma onse amene anenedwa. Unkanyinyirika, amayi ako n'kumakuikira kumbuyo kuti nsima ikuzizira, koma Chitipa ndi Nsanje unazidziwa usanaone mapu. Nanga bwanji lero mwana wako ukumumana zimenezi?

Khala naye pansi, mwana wanga. Asayatse kanema asanalembe ntchito ya kusukulu, ndipo ntchitoyo uziiona ndi maso ako, osangomva kuti wamaliza. Akamaonetsa nkhani, zaulimi kapena za nyama zakutchire, uzimufunsa chimene waona, afotokoze m'Chichewa kenaka ayesere m'Chingerezi. Ikakwana 8 koloko muzizimitsa, ngakhale alire. Ndipo pa ndalama zimene ukulipira mwezi ndi mwezi kuti uzionera mpira wa ku England, patulako zina umugulire buku lowerenga, pakuti sindinamve azakhali ako akutchula buku ngakhale limodzi m'nyumbamo.

Ndikubwerezanso, usamusiye yekha ndi rimoti. Tchuthi chikubwerachi umutumize kuno pamodzi ndi makope ake onse, ndikufuna ndiwaone ndekha. Amayi ako akupereka moni kwa mpongozi wathu, ndipo akuti thumba la mpunga likudikira wodzatenga.

Ndine bambo ako.