Tisaphwanye zisa za ma seagull pamadenga athu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi abale athu amene akukhala m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Britain, makamaka amene afika posachedwa kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Mwezi wa Epulo ukangolowa, dandaulo m'magulu athu a pa WhatsApp limakhala limodzi: mbalame zakunyanja zija, ma seagull, zatisowetsa tulo. Ena afika pouzana kuti angokwera padenga usiku, aswe mazira n'kutaya chisa. Chonde abale anga, tisatero.

Vutolo sindikulipeputsa ayi. Ndimakhala ku Aberdeen, m'chipinda chapamwamba penipeni, ndipo pachumuni cha aneba pamakhala chisa chaka ndi chaka. Mu Juni kuno kumayera cha m'ma 4 koloko, koma mbalamezi zimakhala zitayamba kale kulira. Munthu amene wachezera usiku wonse kutembenuza odwala, akafika panyumba kuti atsinzineko, amapeza msonkhano uli mkati padenga. Onjezanipo zitosi pagalimoto ndi pazovala zoyanika, komanso matumba a zinyalala ong'ambidwa mumsewu monse. Zimapweteka.

Komabe lamulo la 1981 loteteza nyama zakutchire, Wildlife and Countryside Act, limaletsa kupha mbalamezi, kuswa mazira ake kapena kuwononga chisa chimene chikugwiritsidwa ntchito. Kuyambira mu 2020 aliyense wofuna kuchotsa chisa chotere ayenera kupempha chilolezo chakechake ku bungwe la boma loona za chilengedwe: ku NatureScot ngati ali ku Scotland, ku Natural England ngati ali ku England, ndipo phokoso lokha silikwanira kuti amupatse. Munthu wokhala m'dziko la eni pa viza ya ntchito sayenera kudziputira mlandu wa kupolisi chifukwa cha mazira atatu.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mbalamezi zili pamavuto, ngakhale kuti ife timaziona zambirimbiri. Mtundu wa msana wotuwa ndi miyendo yofiirira, wotchedwa herring gull, unaikidwa mu 2009 pa mndandanda wofiira wa mbalame zimene zikuchepa modetsa nkhawa ku Britain. Kumatanthwe a m'mbali mwa nyanja, kumene zinkaswera kale, zachepa kwambiri, ndipo chimfine cha mbalame cha mu 2022 chinapha mbalame zakunyanja zosawerengeka ku Scotland. Kutauni zinabwera chifukwa padenga nkhandwe sifikapo, pamafunda, ndipo chakudya timazimwazira tokha. Tinaziitana ndife anthu, ndi madzala athu ndi zotsala zathu.

Nyengo yovutayo ndi yaifupi. Zimaikira mazira cha mu Meyi, kawirikawiri atatu, n'kufungatira pafupifupi mwezi. Anapiye amatenga milungu isanu kapena isanu ndi umodzi kuti auluke, ndipo pofika mu Ogasiti madenga amayamba kukhala chete. Ukali wake umakula mwanapiye akagwa padenga n'kumayendayenda pabwalo. Apa makolo ake amatsika mwaliwiro kulunjika pamutu pa aliyense wodutsa, monga imachitira nkhuku ya anapiye ikaona galu. Nthawi zambiri amangoopseza osakhudza munthu. Yendani ndi ambulera yotambasula, ana muwadutsitse kwina, ndipo mwanapiyeyo musamunyamule, pakuti makolo ake amapitiriza kumudyetsa pansi pomwepo. Ngati wavulala, imbirani mabungwe osamalira nyama, a Scottish SPCA kapena a RSPCA. Mbalame yakufa musaigwire ndi manja.

Pa nkhani ya chakudya ndiye ndikufuna tiuzane zoona. Kwathu tinazolowera kukhuthula mkute ndi zotsala za mpunga kuseri kwa nyumba kuti ziweto zitole, ndipo ndaonapo ena a ife tikuchitabe zimenezi kuno. Pali ndi eni dziko amene amaponyera mbalamezi buledi pawindo m'mawa uliwonse. Mtima wake ndi wabwino, koma mbalame yodyetsedwa pamanja imasiya kuopa munthu, ndipo mawa ndi imene idzatsomphole chips m'manja mwa mwana. Zotsala zizipita m'bini yotseka bwino, osati m'thumba losiya pakhomo usiku wonse. Mukamadya panja, khalani mutatsamira khoma ndipo maso akhale pa mbalameyo. Akatswiri a pa yunivesite ya Exeter anayesa zimenezi ku Cornwall ndipo mu 2019 anafalitsa zimene anapeza: munthu akamaiyang'anitsitsa, seagull imazengereza kuyandikira chakudya.

Amene sakufuna chisa padenga pake ali ndi njira yololedwa, kungoti imafuna kuganiziratu. Mbalamezi zimatha kukhala zaka zoposa 20 ndipo zimabwerera pamalo amodzimodzi, choncho nthawi yochitapo kanthu ndi m'nyengo yozizira, zisa zili zopanda kanthu. Pamenepo mmisiri amachotsa chisa chakale n'kuika zisonga kapena waya pachumuni ndi m'makona mmene zimakonda kumanga. Ukonde uikidwe ndi wodziwa ntchito, chifukwa wolendewera umakola mbalame n'kufa pang'onopang'ono ndi ludzu, chinthu chomvetsa chisoni kuchiona. Ambiri a ife timachita lendi, kotero denga si lathu. Tilembere eni nyumba mu Seputembala, tigwirizane ndi aneba a m'nyumba imodzi, ndipo tipemphe makhonsolo kuti m'misewu yopanda mabini agawe matumba olimba amene mlomo wa mbalame sungaboole. Kwa ogwira ntchito usiku, totsekera m'makutu tomwe amagulitsa m'mafamase timathandiza ndithu kufikira anapiyewo atauluka.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Aberdeen