Anzanga olemba, musamadikire kuti mtima ufune kaye

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepa yanuyi ndiyankhule ndi anzanga amene anayamba kulemba nkhani zawozawo kenako nkusiyira panjira, chifukwa ine zinandichitikirapo ndipo zimandiwawa ndikamaona anthu aluso atangoti zii.

Ine ndinayamba ndi moto, sabata yoyamba ndinkalemba tsiku lililonse mpaka usiku, za kuntchito, za malemu mayi anga, za zinthu zomwe zimandisowetsa tulo. Itakwana miyezi iwiri moto uja unazilala. Ndikatsegula foni tsamba lili mbee, m'mutu mulibe kanthu, basi ndimadziuza kuti lero mtima sukufuna ndilemba mawa, mawalo likafika nkumati mawa, mpaka inadutsa miyezi 7 osalemba ngakhale mzere umodzi. Nkhani zinalipo zambirimbiri, chomwe chinandimanga ndi manyazi, poti ndinali nditauza anthu kuti ndizilemba sabata iliyonse ndiye ndimati ndibwerera ndi nkhope yanji.

Pano ndinazindikira kuti ndinkalakwitsa podikira kuti chidwi chibwere kaye. Kwa ine chidwi chimabwera ndili mkati molemba, pamzere wachitatu kapena wachinayi apo, mizere yoyambayo ndimaikoka ngati ndikukoka mbuzi yokana, koma ikangodutsa imeneyo dzanja limayamba kuyenda lokha.

Ndiye ndinadziikira mlingo wochepa kwambiri, mawu 200 patsiku basi. Ena atha kuseka kuti ndi tochepa koma tawerengerani, mawu 200 kwa masiku 365 ndi mawu 73,000, limenelo ndi buku lathunthu. Nthawi ndimayeza potsata njira ija amaitcha Pomodoro, anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, umagwira ntchito mphindi 25 osayang'ana kumbali kenako nkupuma mphindi 5. Ine ndimathimitsa data, ndikutchera alamu, ikalira ndimasiya ngakhale nkhani ili pokoma, ndipo kusiyira pokomako kumandithandiza chifukwa mawa lake ndimadziwa poyambira.

Koma chomwe chinandimasula kwenikweni ndi nkhani ya kujomba. Kale ndikaphonya tsiku limodzi ndimaona ngati zonse zagwa, eti poti anthu amakonda kunena kuti chizolowezi chimakhazikika m'masiku 21, ine ndimati ndiye ndiyambirenso kuwerenga kuchokera pa 1, mphwayi nkundigwira. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, amene anatuluka mu 2009, anatsata anthu 96 kwa masabata 12 ndipo anapeza kuti pakatikati zimatenga masiku 66 kuti chinthu chatsopano chizolowereke, ena 18 okha ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuononga chizolowezicho. Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi ndithu, sindinali waulesi ayi, ndinkangodziweruza msanga. Pano ndikajomba lero, mawa ndimangokhala pansi nkulemba osadzipatsa chilango cholemba kawiri.

China, musamalembe uku mukukonza. Ine ndinkati ndikalemba chiganizo chimodzi ndifufute, ndilembenso, ndifufutenso, ola lonse latha ndili pomwepo. Lembani kaye zonse ngakhale zioneke zosalongosoka, kukonza ndi ntchito ya tsiku lina mutu utazizira. Ndipo ganizo likakupezani muli panjira lijambuleni pafoni ndi mawu kapena lilembeni m'kakope, musamati ndikumbukira, simukumbukira.

Za owerenga nazo ndinenepo, chifukwa apa mpamene ambiri timagwera. Umalemba ndi mtima wonse, umatumizira anthu khumi, osayankha ndi mmodzi yemwe, zimapweteka zedi ndipo sindinama. Ine ndinasiya kusaka gulu, ndili ndi mnzanga mmodzi amene ndimamutumizira pa WhatsApp kumapeto kwa sabata, iye amandiuza mosabisa kuti apa ndatopa napo, apa ndamva kukoma, ndipo ndikachedwa amandifunsa kuti nkhani ija ili kuti. Funso lakelo landibwezera pampando kambirimbiri.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi lakuti mutipatseko kadanga, ngakhale kamodzi pamwezi, kosindikiza tinkhani tatifupi ta olemba ongoyamba kumene, ndipo amene nkhani zawo simunazitenge muziwayankhako ndi mzere umodzi wokha kuti adziwe pokonza. Ine yanga ya mawu 600 ndaimaliza kale, ndikungodikira mutiuze kotumiza.

Ndine wanu,
Wowerenga wokhulupirika